Situdiyo yopanda mikisa: pezani gwero la phokoso musanagule preamp kapena converter

Kuno ku Kasungu masitudiyo ang'onoang'ono achuluka zedi. Chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba, laputopu patebulo, kiyibodi, maiki imodzi kapena ziwiri, ndi kabokosi kaja ambiri timangokatchula kuti sound card. Mikisa yaikulu ya mabatani ambirimbiri mulibe, ndipo pa ntchito yotereyi siyofunikanso. Komabe mwezi sutha osabwera mnyamata ndi fulashi m'manja, nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwawo ili momwemo, nkhope ili yakugwa. Dandaulo limakhala lomwelomwelo: "Achimwene, tamverani izi. Kumbuyoku kukumveka sssss, ndipo mawu a oyimba ali kutali. Ndigule mikisa kodi, kapena sound card yangayi ndi yachabechabe?"

Ndimamuuza kuti asagule kanthu kaye. Ndalama kuno imavuta, ambiri amadikira kuti agulitse soya kapena fodya ndi pomwe agule chida chimodzi, ndiye zimandiwawa kuona ikupita pa chinthu chimene sichinalakwe n'komwe.

M'kabokosi kaja muli zinthu ziwiri za ntchito yosiyana. Choyamba ndi preamp. Maiki imatulutsa mphamvu yochepetsetsa, ma millivolt owerengeka chabe, ndipo preamp ndiyo imakuza kamphamvu kameneko mpaka kafike pogwiritsika ntchito. Chachiwiri ndi converter, imene imatenga mawu okuzidwa aja n'kuwasandutsa manambala oti kompyuta isunge, kenaka n'kuwabwezanso kukhala mawu popita kusipika ndi kumahedifoni. Kale ntchito ya preamp inkagwiridwa ndi mikisa, ndipo mikisa yomweyo ndiyo inkabwezera woyimba mawu ake m'makutu. Mukaichotsa, katundu yense amagwera kabokosiko. N'chifukwa chake chilichonse chikalakwika timakaloza chala, pamene nthawi zambiri cholakwa chimakhala chingwe, magetsi, chipinda kapena momwe taikira gain, kabatani kopotokola kokwezera mphamvu ya preamp.

Yambani ndi ichi. Lumikizani zonse monga mumachitira pa tsiku lojambula, gain muiike pomwe mumaiika, kenaka jambulani masekondi 30 aliyense ali chete. Mvetserani ndi mahedifoni. Mudzamva chimodzi mwa zitatu: sssss wosadukiza ngati mvula yowaza, kung'ung'uza kwapansipansi ngati njuchi mumng'oma, kapena kuthetheka ngati chimanga pachiwaya. Magwero ake ndi osiyana, ndipo mankhwala a limodzi sachiza linzake.

Sssss wosatha

Preamp iliyonse ili ndi kaphokoso kake kachibadwa. Sikamveka ngati mawu ochokera ku maiki ali amphamvu, koma mawuwo akafika ofooka, mumakakamizika kupotokola gain mpaka kumapeto, kapena kudzawakweza pambuyo pake ndi compressor, chida chosalaza kukwera ndi kutsika kwa mawu, mu pulogalamu yojambulira ngati Cubase kapena FL Studio, ndipo kaphokoso kaja kamakwera nawo limodzi. Ndiye funso loyamba likhale lakuti mawu akufikiranji ofooka.

Kawirikawiri ndi mtunda. Mukawirikiza mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maiki, mawu amatsika ndi pafupifupi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu). Maiki ya dynamic, mtundu wosafuna magetsi, ngati Shure SM58 anaipangira munthu woiyandikira, zala zinayi kuchokera pakamwa. Ndaonapo anthu akuimika SM58 imodzi mita ziwiri patsogolo pa kwaya ya anthu makumi awiri, n'kumadabwa kuti sssss wachuluka. Pamenepo preamp siinalakwe. Kwaya imafuna maiki za condenser, chifukwa zimatulutsa mphamvu yochuluka. Audio-Technica AT2020, imene si yodula kwambiri, imatulutsa mphamvu yoposa ya SM58 ka 7, kusiyana kwa pafupifupi 17 dB, ndipo 17 dB imeneyo ndi gain imene simudzaifunanso ku preamp yanu. Condenser imafuna magetsi a 48V ochokera mu sound card kudzera pa chingwe cha XLR, chingwe cha maiki cha timano titatu. Ikangokhala chete kapena ikumveka patalipatali, yang'anani batani la 48V musanaganize kuti yafa.

Pali maiki zina zimene n'zoona zimafuna preamp yamphamvu. Shure SM7B, imene achinyamata ambiri amaisirira chifukwa amaiona m'mavidiyo, imafuna gain ya pafupifupi 60 dB munthu akamalankhula bwinobwino. Focusrite Scarlett 2i2 ya m'badwo wachitatu ili ndi gain ya 56 dB, pamene ya m'badwo wachinayi, imene inatuluka mu 2023, imafika 69 dB. Ngati muli ndi yakaleyo musaitaye. Pali tizida tating'ono ngati Cloudlifter CL-1 timene timalumikizidwa pakati pa maiki ndi sound card, timadya 48V ija n'kuwonjezera mpaka 25 dB yoyera. Koma dziwani kuti kameneka sikapititsa 48V ku maiki, ndiye ndi ka maiki za dynamic, osati condenser.

Pogula, nambala ziwiri zokha ndi zimene ndimaziyang'ana pa preamp: gain imafika pati, ndi EIN, imene imanena kukula kwa kaphokoso kachibadwa kaja. Ya pafupi ndi -128 dBu ndi yabwino ndithu. Mawu okoma olembedwa pakatoni sindiwawerenga.

Palinso maiki zotchipa zija zonyezimira zimene zimabwera ndi chingwe cha XLR mbali imodzi ndi kajaki kakang'ono ka 3.5 mm mbali inayo, zoti mulowetse molunjika mu laputopu. Preamp ya mkati mwa laputopu anaipangira kuyankhulana pa intaneti, osati nyimbo. Ngati mukujambula choncho, apo pokha ndikuvomera kuti mugule sound card, ngakhale ya malo awiri okha.

Samalaninso kuti musasokoneze sssss wa preamp ndi phokoso la m'chipinda. Condenser imamva zonse: fani ya laputopu, chigayo cha patsidya, njinga zamoto za kabaza, mvula pamalata. Kulungani maiki m'bulangete lokhuthala n'kujambulanso masekondi 30 aja. Phokoso likatsika, ndiye kuti likulowera pa maiki kuchokera m'chipinda, ndipo palibe preamp padziko imene ingalichotse. Sunthani laputopu, tsekani mipata ya m'mawindo, jambulani usiku kapena m'mamawa.

Ena poopa sssss amakwezeratu gain mpaka kagetsi kofiira kayake. Kumeneko n'kuthawa mvula n'kugwera mumtsinje. Converter ikadzaza, pa 0 dBFS, pamwamba penipeni pa mita yoonetsa kukula kwa mawu mu pulogalamu, mawu amasweka, ndipo osweka sakonzeka. Ikani pulogalamu yanu pa 24-bit, imene ili ndi malo ambiri kuposa 16-bit, kenaka pemphani oyimba ayimbe pamene nyimbo imakwera kwambiri, osati poyambira pofatsa paja. Ma soprano akafika pakolasi amalumpha. Ikani gain moti pokwera penipenipo mita ifike cha pa -12 dBFS, mbali zina zonse izingoyenda cha pa -18.

Kung'ung'uza kwa magetsi

Apa ndi pamene ife a kuno timavutikira kuposa anthu olemba malangizo a m'katoni. Magetsi a m'Malawi ndi a 230V pa 50 Hz, ndipo kung'ung'uza kwapansi kumene mukumva ndi 50 Hz yomweyo italowa m'njira ya mawu.

Chaka china kunabwera kwaya ya amayi a Chigwirizano kuchokera cha ku Santhe, atachita hayala galimoto, nsima ya masana atanyamula. Titangoyamba, mmmmm m'mahedifoni. Ndinasintha chingwe cha maiki, osasiya. Ndinasintha doko la USB, osasiya. Dzuwa likupendeka, mtsogoleri wawo anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, tibwererenso tsiku lina? Galimoto ija tinagwirizana kuti ititenge isanakwane 5 koloko." Ndinati, "Amayi, ndipatseni mphindi khumi zokha." Ndinazula chilichonse mu sound card n'kuyamba kubwezera chimodzichimodzi, mahedifoni ali m'makutu. Maiki yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Nditangolowetsa kiyibodi, njuchi zija zinabwerera. Adaputala yake yeniyeni inapsa kalekale, ndipo m'bale woyimba kiyibodi anagula ina yotchipa pamsika. Tinabwereka adaputala yabwino kwa mnzanga wapafupi, ndipo nyimbo zinayi zinajambulidwa galimoto isanafike. Njira imeneyi, yozula zonse n'kubwezera chimodzichimodzi, ndi imene ndikanayamba nayo, ndipo ndi imene ndikukupemphani kuti muziyamba nayo inuyo.

Chachiwiri choti muyese ndi chaja ya laputopu. Izuleni, laputopu iyende pa batire. Phokoso likatha mwapeza wolakwa. Chimachitika n'chakuti zida ziwiri zolumikizana ndi chingwe cha mawu zikutenganso magetsi m'masoketi osiyana, ndiye kamagetsi kena kamazungulira kudzera m'zingwe za mawuzo. Lumikizani laputopu, masipika, kiyibodi ndi zonse pa extension imodzi yabwino yochokera pa soketi imodzi. Ena amalangizana kuthyola dzino lalitali la pamwamba pa pulagi ya mano atatu ija. Chonde musatero. Dzino limenelo ndi la earth, ndi limene limakutetezani chida chikawonongeka mkati, ndipo woyimba wogwira maiki yachitsulo ndi amene angavulale. Nyumba zambiri zochita lendi zilibenso earth yeniyeni, waya wake anangousiya m'khoma. Itanani wodziwa za magetsi aone, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi sound card yatsopano.

Magetsi akazima ambiri timadalira sola ndi inveta. Inveta zilipo za mitundu iwiri, ndipo zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, zimene magetsi ake amayenda modumphadumpha. Nyale ndi wailesi yakanema zimayaka bwinobwino, koma m'zida za mawu mumamveka zzzzz wakuthwa. Ya situdiyo iyenera kukhala yolembedwa kuti pure sine wave. Jenereta nayo ikhale kutali ndi chipinda, ndipo musalumikize zida isanakhazikike kulira kwake.

Ichi n'chifukwa chake kwa munthu wojambula woyimba mmodzimmodzi ndimalimbikitsa sound card yodya magetsi a pa USB pokha, yopanda adaputala yakeyake. Laputopu pa batire, sound card pa USB, mahedifoni m'makutu, palibe chokhudzana ndi khoma. Nyimbo zoyera kwambiri zimene ndajambulapo ndinazijambula magetsi atazima.

Zingwe nazo. XLR ili ndi mawaya atatu, ndipo kapangidwe kake kamachotsa phokoso lotoledwa m'njira, n'chifukwa chake imatha kutalika mamita ambiri osavuta. Chingwe cha jaki wamba cha gitala kapena kiyibodi chilibe chitetezo chimenecho. Chikhale chachifupi, mamita atatu basi, ndipo chisagone limodzi ndi zingwe za magetsi. Ngati kiyibodi ili patali gulani DI box, kabokosi kamene kamasandutsa jaki kukhala XLR ndipo kali ndi batani la ground lift lodulira kuzungulira kwa magetsi kuja popanda kuika munthu pangozi. Mukamva tititi-tititi wobwera n'kupita, ameneyo ndi foni ikufunafuna netiweki. Kwaya ikalowa, mafoni onse atsale m'dengu pakhonde.

Mawu a kiyibodi akamasweka ngakhale gain ili pansi, onani polowera. Kiyibodi imatulutsa mphamvu ya line, yaikulu kwambiri kuposa ya maiki. Pa malo olowetsera aja olandira XLR ndi jaki pamodzi, XLR imapita ku preamp ya maiki, jaki imapita ku line. Batani la INST ndi la gitala yolowetsa molunjika, pa kiyibodi likhale lozima. Chimodzimodzi mukagula preamp yapadera: ilowe pa line ndi jaki ya TRS, ya timizere tiwiri takuda, apo ayi mawu adutsa m'ma preamp awiri n'kusweka.

Kuthetheka ndi kuchedwa kwa mawu

Uku kawirikawiri ndi kompyuta. Ikani driver, kapulogalamu kolumikizitsa sound card ndi kompyuta, ya mtundu wa ASIO ya kampani imene inapanga sound card yanuyo, osati ASIO4ALL, imene ndi yongothandizira zida zopanda driver yawoyawo. Lowetsani sound card molunjika mu laputopu, osadzera pa hub, kabokosi kogawa doko limodzi la USB kukhala angapo, chifukwa doko la USB 2.0 limapereka 500 mA yokha ndipo mukaigawa ndi mbewa, fulashi ndi kiyibodi ya MIDI (yotumiza manotsi ku kompyuta, osati mawu), 48V imayamba kuperewera. Zimitsani Wi-Fi, ndipo Windows muiike pa mphamvu zonse ngakhale ili pa batire.

Kenaka buffer, kagawo ka mawu kamene kompyuta imayamba yasonkhanitsa isanakagwirire ntchito. Ikachepa kompyuta imalephera kupikisana nayo ndipo mawu amathetheka, ikakula woyimba amadzimva mochedwa n'kusokonezeka. Pa 48 kHz, pamene converter imayeza mawu ka 48,000 pa sekondi, buffer ya 128 ndi pafupifupi 2.7 ms (ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), ya 256 ndi 5.3 ms, ya 1024 ndi 21 ms, ndipo ulendo wonse wopita ndi kubwerera umaposa kuwirikiza pamenepo. Jambulani pa 128 kapena 256, posakaniza nyimbo kwezani pa 1024. Koma njira yeniyeni ndi batani lolembedwa Direct Monitor, limene limatumiza mawu a maiki kumahedifoni asanalowe n'komwe mu kompyuta. Limeneli ndi limene linalowa m'malo mwa mikisa, ndipo sound card yopanda batani limeneli sindingakulangizeni kugula. Mukaliyatsa, zimitsani monitor ya mu pulogalamu kuti woyimba asadzimve kawiri.

Tsono mugule chiyani?

Werengani maiki zimene mudzaziyatse nthawi imodzi pa tsiku lotanganidwa kwambiri. Woyimba mmodzi pa biti yopangiratu, malo awiri akukwana. Kwaya imafuna condenser ziwiri patsogolo, imodzi ya wotsogolera nyimbo, ndi kiyibodi. Kiyibodiyo ikalowa pa MIDI kapena pa jaki imodzi, malo anayi ngati a Behringer UMC404HD akwana. Bandi ya ng'oma zonse imafuna 8 kapena kuposa.

Musanyengeke ndi manambala a pa dzina. Scarlett 18i20 imalandira njira 18, koma ma preamp a maiki alimo 8 okha, zotsalazo ndi njira za digito. Funsani kuti malo a XLR ndi angati.

Ngati lero ndalama ikukwana ya malo awiri koma mukudziwa kuti mawa mudzajambula makwaya, funani yokhala ndi polowera pa ADAT, kabowo kakang'ono ka chingwe cha kuwala. Chingwe chimodzi cha ADAT chimanyamula njira 8 pa 44.1 kapena 48 kHz, ndipo zimatsika kufika 4 pa 96 kHz. Audient iD14 ili ndi ma preamp awiri ndi polowera pa ADAT. Tsiku limene mudzapeze ndalama, mudzagula bokosi la ma preamp 8 lokhala ndi converter yakeyake ngati Behringer ADA8200, n'kukhala ndi malo 10 osataya chimene munagula kale. Kumbukirani kuti bokosi limenelo limafuna magetsi a pakhoma, ndiye inveta ya pure sine wave ilowe m'bajeti yomweyo.

Mukalumikiza mabokosi awiri a digito pamabuka vuto limene limazunguza anthu mutu: kaphokoso ka "tha" kobwera pakapita masekondi angapo, kosatha ngakhale mukweze buffer. Converter iliyonse ili ndi wotchi yake yowerengera, ndipo awiri sangatsogolere nyimbo imodzi. Wina atsogolere, wina atsatire. Ngati chingwe cha ADAT chikuchoka ku bokosi la ma preamp kupita ku sound card, bokosilo likhale master, lotsogolera, ndipo mu pulogalamu ya sound card musankhe kuti clock, wotchi ija, ichokere ku ADAT. Onse awiri akhale pa nambala imodzi ya kHz.

Nanga converter yapadera yodula ija? Maganizo anga ndi akuti kwa ife ikhale chinthu chomaliza kugula. Converter ya mu sound card iliyonse yabwino ya masiku ano imakwanitsa kusiyana kwa mawu koposa 100 dB pakati pa otsika ndi okwera, pamene chipinda cha malata pafupi ndi msewu wa M1 sichingakupatseni bata lofika pamenepo. Kusiyana kumene converter yodula ingabweretse kudzakwiririka ndi phokoso la chipinda. Ndalama imeneyo ipite ku siling'i, makatani okhuthala, zingwe zabwino ndi inveta. Imayamba kukhala ndi phindu pokhapokha mutasonkhanitsa ma preamp apadera angapo opanda potulukira pa digito.

Za 192 kHz zolembedwa pakatoni musazitengere mtima. Njira imodzi ya 24-bit pa 48 kHz imadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi, pa 192 kHz imadya kanayi, ndipo laputopu imatopa msanga. Ine ndimajambula pa 48 kHz chifukwa pafupifupi kwaya iliyonse imadzafuna vidiyo ya pa YouTube kapena Facebook, ndipo mavidiyo amayendera 48. Chofunika n'kusasakaniza. Biti yopangidwa pa 44.1 kHz ikaseweredwa ngati ya 48 popanda kuisintha, imathamanga ndipo kiyi imakwera ndi pafupifupi semitone imodzi ndi theka. Woyimba akadandaula kuti nyimbo yakwera kuposa momwe anaiphunzirira, onani pamenepo musanamutsutse.

Zida zambiri zimene zimafika kuno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, zochokera ku Lilongwe kapena zobwera ndi anthu ochokera ku Joni. Popita kukaona, nyamulani laputopu yanu, maiki ya condenser, chingwe chimene mukuchidziwa ndi mahedifoni. Yesani malo aliwonse paokha. Potokolani gain pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka kumapeto, mukamva kukhwekhwereza ndiye kuti fumbi linalowa kale, ndipo fumbi la Okutobala kuno lidzangowonjezera. Yatsani 48V muone ngati condenser ikudzuka pa malo onse. Onani kumbuyo kuti doko lake ndi la USB, chifukwa pali zakale zabwino zogulitsidwa motchipa zimene ndi za FireWire, doko limene malaputopu a masiku ano alibe. Fufuzaninso pa intaneti, muli pomwepo, ngati driver yake ilipo ya Windows imene muli nayo.

Mukafika nayo kunyumba, zolowerani kulumikiza maiki kaye kenaka kuyatsa 48V, ndipo pomaliza muzimitse 48V, mudikire masekondi angapo, ndi pomwe muzule. Pa sound card zina batani limodzi limayatsa 48V pa malo onse a XLR nthawi imodzi. Maiki ya dynamic ya chingwe chabwino sivulala nazo, koma kiyibodi yolowetsedwa ndi chingwe cha jaki mbali imodzi ndi XLR mbali inayo ikhoza kupsa potulukira mawu. Mvula ikayamba mu Novembala ndi ziphaliwali zake, mukamaliza ntchito muzizula extension yonse kukhoma, ndipo maiki za condenser muzizisunga m'bokosi lotseka muli timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timabwera m'makatoni a nsapato.